Theka la Njira ya Ndege

Lolemba, 4 Setembulo

Zatsimikizika. Rozina akupita Lamulungu likubwerali, ndipo akupita pandege! Mwana wanga ine, pulofesolo wa kashikola ka denga la udzu. Mmodzi yekhayo amene Mulungu adatisiyira.

Masisitere ampezera malo ku Tete, akaphunzire unamwino. Pamsewu akana. Magalimoto akuyenda mondondozana, asilikali kutsogolo, asilikali kumbuyo, ndipo sipatha masiku osamva kuti ina yaponda bomba. Choncho akwera kandege kaja kamabwera ndi mankhwala pa kampu ya ndege ku Vila Coutinho. Mpando umodzi. Umodzi basi.

Amake Rozina alira, aseka, apita kukakazinga nsawa.

Ine vuto langa ndi lina. Kwathu mwana wochoka pakhomo ulendo woyamba saperekezedwa mpaka pankhokwe ngati munthu wodzapala moto. Bambo wake amamperekeza theka la njira. Theka lenileni! Atate adandisenzera bokosi tsiku lopita kukaphunzira ku Fonte Boa, mpaka pamwala wa pakati. Adalitula, adanena mawu awo, adabwerera osacheuka. Nawonso atate awo adawachitira chomwecho popita kumigodi. Tsono mwambo uthere pa ine chifukwa cha ndege? Iai. Ndili moyo.

Dongosolo:
1. Kupeza mtunda wa m'mwamba, kuchoka pa kampu ya kuno kukafika pa kampu ya ku Tete.
2. Kugawa pawiri. (Izi n'zanga, ndimaphunzitsa.)
3. Kupalasa njinga, kukaima pansi penipeni pa thekalo.
4. Kukupiza nsalu yoyera ndege ikamadutsa.
5. Mawu. Ndiwalemba papepala, akatsegule akandiona.

Zophweka! Ana sanatsegulire, nthawi ndili nayo.

Rozina akuti, "Ababa, bwanji mungondiperekeza pa kampu pomwepo?" Mwana. Zamwambo sazidziwa.

Lachiwiri, 5 Setembulo

Ndachotsa mapa pakhoma la shikola. Ndawayala patebulo, mwala pangodya iliyonse.

Zida:
— minga iwiri ya mthethe (singano amake akana)
— ulusi wofiira wa m'kachitini kawo kosokera (sindinapemphe)
— mutu.

Munga umodzi pa Vila Coutinho, wina pa Tete. Ulusi ndakoka nga, ndadula ndi mano. Ndi uwu mtunda wonse, wagona pachikhatho changa ngati kanyongolotsi! Ndipo anthu amati ku Tete n'kutali.

Kuupinda pawiri, theka lagwera poyera. Mudzi palibe, mtsinje palibe, pali ndowe ya mphemvu. Palibe kanthu. Malo akhale opanda dzina, bola makilometulo adziwike.

Ndiyang'ane pansi, pangodya polembedwa kuti chala chimodzi pamapa ndi makilometulo angati. Mayo ine! Chiswe! Chadya:
— ngodya yonseyo, ndi manambala omwe
— theka la nyanja ya mchere
— Lourenço Marques yense, psiti.

Zaka zonsezi ndikuphunzitsa ndi mapa amenewa, osaona. Ana nawo osanena! Ndiye chifukwa chake chaka chatha ndikafunsa likulu la dziko ankangoloza khoma.

Rozina walowa atavala vesitidu yatsopano imene amake asoka, akuzungulira pakhomo. "Ababa, yandikhala?" Ndati yakukhala, koma choka, ukutchinga kuwala.

Ulusi ndausiya pamapa, pakati pa minga yake. Wina asaukhudze.

Lachitatu, 6 Setembulo

Kufunsa n'kudziwa njira. Lero ndafunsa dziko lonse funso limodzi: kuchoka kuno kukafika ku Tete, ndi mtunda wanji?

Mayankho:
— Alamu anga a Bonifasiyo, amene adayendetsapo lole pamsewuwo: "Kale unali m'mawa mpaka madzulo. Ndi asilikaliwa, masiku awiri. Tayala likaphulika, atatu." Ndati ndikufunsa za m'mwamba. Ati m'mwamba sadapiteko, ndipo sakufulumira.
— A Padiri, amene amakwera ndegeyo: "Kolona imodzi. Kukakhala mphepo ndimanena ziwiri, mothamanga."
— A Lazaro, amene adasenzako katundu wa boma ali mnyamata: "Masiku asanu ndi limodzi, la chisanu ndi chiwiri ukumwa Zambezi." Kenaka andionetsa chala chakuphazi chimene chidatsala panjira. Chala chake palibe, andionetsa malo ake.
— Mzungu wa pakantina: "Longe, longe!" Kutali. Zikomo kwambiri, sindimadziwa.
— Mayi wogulitsa mbatatesi: "Ku Tete kulibe mtunda, kuli dzuwa. Mwanayo mumpatse chipewa."

Ndakhala pansi pa mbawa ndi pensulo. Masiku awiri, kuphatikiza masiku asanu ndi limodzi, kuphatikiza kolona imodzi kapena ziwiri, kugawa pawiri. Sizikutuluka! Ndayesa katatu. Mwana wa m'kalasi atandibweretsera zoterezi ndingamgwaditse pamiyala.

A Bonifasiyo awonjeza kuti iwo ndi atsibweni ake a mwana, akamperekeza okha pa kampu, ine ndizingowerenga mitambo. Nsanje.

Kunyumba ndapeza Rozina ndi amake abwerako kale kwa azakhali ake, kokatsazika. Akuti anandidikira mpaka dzuwa pamutu. Azakhali afunsa ngati ndikudwala. Amake ayankha kuti inde.

Lachinayi, 7 Setembulo

Wodziwa za ndege ali kundege. Ndapalasa mpaka pa kampu.

Kampu yake: fumbi lofiira lalitali, kanyumba ka malata, ndi mtengo wopachikapo chithumba choboola chosonyeza mphepo, ngati mwendo umodzi wa buluku. Mwini zonsezi ndi a Zakeyu. Ntchito yawo n'kuthamangitsa mbuzi ndi ng'ombe ndege isanatere. Amavala chisoti, amayenda ngati ndegeyo adaibereka ndi iwo.

A Zakeyu: "Piloto akakwera amayatsa ndudu. Amati akamatera ku Tete amakhala akumaliza yachitatu."

Ndudu zitatu! Theka lake ndudu imodzi ndi theka. Tsopano tayamba kuyandikira. Chatsala n'kudziwa kuti ndudu imodzi ndi makilometulo angati. Ine sindisuta. A Zakeyu amasuta chingambwe, akuti chimenecho chimodzi chingakufikitse ku Beira.

Ndati ndiyese kaye kampuyo ndi mapazi, ndikhale ndi nambala imodzi yokha yoona sabata ino. Pa mazana atatu ndi zingapo, tonde wanditulukira kumbuyo. Nambala yathawa, inenso ndathawa.

A Zakeyu akukuwa ndikukwera njinga: "Apulofesolo, koma ya Lamulunguyo imakonda..." Ndati mudzandiuza, ndachedwa. Munthu wa mbuzi andiphunzitsa chiyani ine?

Ku ofesi ya boma, kokapempha kalata ya ulendo. Mlembi wandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mukupita kuti?" Ndati pakati. "Pakati pa chiyani?" Ndati pa kuno ndi ku Tete, dzina palibe, pali ndowe ya mphemvu. Watseka buku pang'onopang'ono. "Pulofesolo, masiku ano munthu wofunsa njira ya ndege sagona kwawo. Sindinakumveni."

Inenso sindinanene.

Dongosolo latsopano: theka la theka. Atate andikhululukire, nthawi yawo kunalibe zikalata.

Rozina waphika futali wa mbatata, uja ndimaukonda, wothira nsinjiro zambiri. Ndadya ndikuwerengera pakhoma ndi khala. Akuti masana anali koyenda, kumsewu waukulu ndi kubwerera, kawiri. Kukatani? Akungoseka. Atsikana a masiku ano!

Lachisanu, 8 Setembulo

Kuyesa njira. Ndanyamuka tambala atangotsika, kulunjika kummwera, dzuwa kudzanja lamanzere.

Zimene ndakumana nazo:
— mchenga
— ngolo ya nyemba yotseka njira yonse, mwini wake ali m'tulo
— minga, tayala lakumbuyo phwa!
— mtengo wopingasa pamsewu, asilikali awiri, funso limodzi: kalata?

Theka la theka lili kutsidya kwa mtengowo. Kutali kwambiri kutsidya, malinga ndi msilikali wamng'onoyo, amene waseka mpaka kutsamira mfuti.

Pobwerera, ndikukankha njinga, ndaona kaphiri ka Mpatsa. Ndakwera. Pamwamba pake ukuona kampu kumpoto, ndi dziko lonse kummwera mpaka pamene utsi wa lupsa wayambira. Ndaganiza mozama. Kuperekeza n'chiyani? Miyendo ikalekeza, maso amapitiriza. Ndikaima apa, ndege idutsa pamutu panga, maso anga aiperekeza mpaka ithere. Ndani angatsutse kuti pothera pakepo si theka? Alibe mapa.

Dongosolo lachitatu: kaphiri ka Mpatsa. Ndi ulendo wa maola awiri okha panjinga, koma n'kutalitali poyerekeza ndi pa kampu pokaima a Bonifasiyo.

Kufika kunyumba, ndiyang'ane pamapa. Minga ilipo. Ulusi palibe!

Amake Rozina, osaleka n'komwe kupeta: "Wofiira uja? Ndasokera batani la pakhosi pa vesitidu ya mwana. Ulusi wabwinobwino uzingokhala paminga?"

Ndati mayi, umenewo unali mtunda wa ku Tete! Ati wakwanira ndendende, sunatsale.

Ntchito ya masiku anayi ili pakhosi pa Rozina. Ndakhala pakhonde. Rozina wandibweretsera madzi ofunda a mapazi, wakhala pambali panga, akumata tayala langa. Amamata bwino kuposa ine. Adaphunzira liti?

Loweruka, 9 Setembulo

Lero madyerero otsazika mwana, masana. Thobwa, nkhuku ziwiri, abale a ku Lifidzi. Ndati ndithamange m'mawa kukaphiri, ndikayese nsalu, ndibwere anthu asanasambe m'manja.

Nsalu yake ndi yoyala pabedi, ya ukwati wathu, yoyera mbee. (Sindinapemphe.) Ndaimanga kunsungwi. Ndakupiza kumanja, kumanzere, kuzunguliza. Zokongola! Ngakhale a Padiri ali pa kolona yachiwiri angaione.

Aiona ndi ena. Masipayo awiri, apolisi a boma, atulukira kuseri kwa thanthwe, wefuwefu, zibonga m'manja. Akuti ndikuitana anyamata a kutchire.

Ine! Ndi nsalu ya pabedi!

Wamkulu wake ndi Tomasi, uja ndidamkwapula chaka chonse chifukwa cha masamu ogawa. Wandizindikira, wavula chisoti, kenaka wakumbukira, wachivalanso. "Apulofesolo, fotokozani bwino. Pang'onopang'ono. Tionetseni njira imene mwapezera yankho." Mawu anga omwe! Ndajambula pansi ndi kamtengo: kampu, kampu, ulusi, theka, ndudu imodzi ndi theka. Wati sanamve, ndibwereze. Ndabwereza. Waitana anzake ena atatu, nawonso amve. Ndabwerezanso. Wina wagwa chagada ndi phwete.

Andimasula dzuwa litapendeka. Nsalu yatsala, akuti ndi umboni.

Kunyumba mphasa apinda kale. Abale a ku Lifidzi apita. A Bonifasiyo alankhula m'malo mwanga, akuti mpaka anthu analira. Ndikudziwa chimene chinawaliza.

Nanga za nsalu? Amake alowa kuchipinda. Ayang'ana pabedi, ayang'ana ine, atuluka. Bola akadalalata.

Rozina wandisungira nthutumba pakambale, wavindikira. Ndikudya, iye wagwada pafupi. "Ababa, mawu anu aja, bwanji mungondiuza lero? Ndili pano."

Ndati mawu ndi a patheka la njira, mwambo ndi mwambo.

Choona chake n'chakuti sindinawalembe. Sabata yonse! Pepala lili m'thumba, palembedwa "Rozina mwanangu," basi.

Mawa ndikupiza kamiza yanga yoyera ya kutchalitchi. Tomasi walola, akuti munthu wovula malaya paphiri ndi wamisala chabe, boma alibe naye mlandu.

Lamulungu, 10 Setembulo

Ndege inyamuka itatha Misa. Ine ndiyenera kukhala paphiri isananyamuke, choncho Misa ndajomba, koyamba chikwatire.

M'mawa, mame asanakamuke, nditulutse njinga, Rozina ali kale pabwalo. Wavala vesitidu ija, batani la ulusi wofiira pakhosi. Walanda njinga, akukankha ndi iye. Ndati bwerera, ukadzipaka fumbi. Akungoyenda.

Njira yonse ndikumlangiza:
— akhale pawindo la kumanzere
— ayang'ane pansi ndudu yoyamba isanathe
— choyera chimene achione ndine
— asaope, ndege siigwa kawirikawiri.

Akuti inde Ababa, inde Ababa.

Pakamtsinje ka kudimba waima. Wandipatsa njinga. Wagwada pang'ono, wandikonza kolala. "Muzidya, Ababa, musamadikire kuti amayi akuitaneni kawiri. Ndipo padzuwa muzivala chipewa. Muyende bwino."

Ndati chabwino, chabwino, kumanzere usaiwale! Ndaoloka, ndakwera. Pachitunda ndacheuka. Akubwerera kunyumba, msana woongoka, osayang'ana m'mbuyo. Ndati mwanayu alibe chisoni.

Paphiri. Kamiza kunsungwi, ine chifuwa pamtunda. Dzuwa. Ntchentche. Utsi wa lupsa mbali zonse. Belu la kutchalitchi lamveka kutali, ndakupiza pang'ono kuyesa dzanja. Ndadikira. Ndadikirabe.

Kenaka kulira kwake, ng'ing'ing'i. Ndalumpha, ndakupiza ndi mphamvu zanga zonse, ndakuwa dzina lake. Kandege kanyamuka pa kampu, kakwera, kapendeka. Kakulowera kumadzulo! Kumadzulo, osati kuno! Ndathamanga pathanthwe, ndakuwa kuti njira si imeneyo. Kachepa ngati udzudzu, kalowa mu utsi. Basi.

Ndavala kamiza.

Ndadzera pa kampu. Anthu amwazikana, mbuzi zabwerera. A Zakeyu akusesa. "Ya Lamulungu imadzera ku Furancungo, kukatula makalata. Ndimakuuzani Lachinayi, apulofesolo, munati mwachedwa."

Ulusi wanga sudadziwe za Furancungo.

Kunyumba amake Rozina akhala pakhonde, maso ofiira. Ndafunsa ngati mwana anandifunafuna pa kampu, ngati analira kuti bambo wake palibe. Ndimaopa yankho.

"Iai. A Bonifasiyo atafunsa za inu, wati, 'Ababa ndatsazikana nawo kale. Ndawaperekeza theka la njira.'"

Ndati theka lanji?

"La kumsewu waukulu. Pakamtsinje paja. Adayesa yekha ndi mapazi Lachinayi, kawiri, kuti asalakwitse. Wati inu simukadalola zongoyerekeza."

Ndalowa m'nyumba, ndatseka chitseko. Ndalira, ndisaname. Kundisenzera njinga, kuitula pakati, kunena mawu, kubwerera osacheuka. Zonse mwa dongosolo lake, monga adachitira atate. Ine pamenepo ndili kalikiliki ndi za windo la kumanzere.

Zotsala sabata ino:
— mapa, opanda likulu, abwerere pakhoma mawa
— nsalu, ili ndi Tomasi
— minga iwiri
— ulusi, uli ku Tete. Wokhawo ndiye wamperekeza mpaka kufika.

Mtunda sindikuudziwabe.

Pepala lija ndalitulutsa m'thumba, lanyowa ndi thukuta, koma "Rozina mwanangu" akuwerengeka. Ndilimaliza lero, ndikapereke kwa a Zakeyu, lipite ndi ndege yamakalata. Makilometulo adziwe piloto.

Mutu ukuwawa, dzuwa landiwamba paphiri paja. Chipewa ndinachiiwala pamsomali.

Amake aitana kudya. Ndapita atangoitana kamodzi.